Canter ya matani atatu, mpweya wa matayala akutsogolo ndi akumbuyo uzikhala bwanji?

Wa_ku_Mponela

Akuluakulu muli bwanji nonse. Ndili ndi Canter ija yakale ya injini ya 4D34, ya matani atatu, matayala ake ndi a saizi ya 7.50R16, a 14PR (PR ndi muyeso wa kulimba kwa tayala), okhala ndi chubu, awiri kutsogolo anayi kumbuyo. Ntchito yake kwenikweni ndi kututa chimanga ndi soya kuchoka m'midzi ya kuno cha ku Mponela ndi Madisi kupita nazo ku Kanengo, pobwera nthawi zambiri imabwera ilibe kanthu, pena tikachita mwayi timapeza hayala ya simenti kapena feteleza. Komanso kuti tikafike kumene kuli katunduko timayamba tayenda msewu wafumbi wa mabampu tisanalowe mu M1.

Vuto langa ndi mpweya, aliyense akundiuza zake mpaka mutu wazungulira. Anyamata omata matayala kunoko amangoika 80 psi (muyeso wa mpweya pa geji) onse asanu ndi limodzi, akuti ndi mmene amachitira ndi ma Canter onse. Mkulu wina amene ali ndi malole awiri akuti ayi, pa tayala palembedwa 770 kPa (muyeso wina wa mpweya) nde uzipopa yomweyo, ndikawerengera ikukwana 110 psi ndi kanthu. Dalaivala wanga naye akuti mukapopa choncho galimoto ikakhala yopanda katundu imadumpha ngati ngolo, msana umachita kuwawa, iyeyo akufuna kutsogolo kuzikhala 65 kuti muzikhalika mu kebini. Sitika ija imakhala pa chitseko inafufutika kalekale, changotsala ndi tizilembo ta chi Japan pang'ono.

Panopa matayala akumbuyo akudyeka m'mphepete mbali zonse ziwiri pamene pakati thiredi ikadalipo yambiri, ndipo mwezi watha lamkati la kumanzere linaphulika titangodutsa Lumbadzi tili ndi matumba 80 a chimanga, mwamwayi lole sinagwe. Ndisanataye ndalama zina kugula atsopano ndimafuna ndimve kwa inu odziwa, kutsogolo ndiziika zingati, kumbuyo zingati, nanga ikakhala yopanda katundu ndizichepetsa kapena ndizingosiya momwemo?

Kanengo_Boy

80 kutsogolo 90 kumbuyo basi osavutika ndi masamu. Koma bwana matumba 80 pa thiri tani kkkkk tayala lalakwanji pamenepo

Makaniko_wa_ku_Biwi

Achimwene a ku Mponela, yankho lake si nambala imodzi yoti aliyense azingokopera. Chimene chimanyamula katundu si labala ayi, ndi mpweya uli mkatimo, labala ndi mawaya zimangousunga kuti usathawe. Nde mpweya umayendera kulemera kumene kwakhala pa tayala lililonse, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo sikulemera mofanana, zoika 80 onse zija ndi zongofuna kuti kasitomala achoke msanga pabwere wina.

Kagwadeni pa tayala lanulo mupukute fumbi muwerenge m'mbalimo. Pa ma 7.50R16 14PR ambiri amene akugulitsidwa kunowa mupeza palembedwa 122/118 kenako chilembo ngati L. 122 ija ndi makilogalamu 1,500, tayala likakhala lokha ngati kutsogoloko. 118 ndi makilogalamu 1,320, likakhala lophatikiza awiriawiri ngati kumbuyo. L ndi liwiro, 120 km pa ola. Cha pansi pake pali mzere wa tizilembo ting'onoting'ono woti MAX LOAD SINGLE 1500 kg AT 770 kPa COLD, ndi wina wa DUAL 1320 kg. Mkulu wa malole awiri uja anawerenga 770 yokhayo osaona zoyandikana nazo. 770 ndi mpweya umene tayala limafuna kuti linyamule katundu wake womaliza weniweni, osati wa ulendo uliwonse. Ma 12PR manambala ake ndi otsika nde musatengere zanga, werengani lanulo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji akakhala awiri lililonse limaloledwa zochepa. Nkhani yake ndi yoti awiri aja sagawana katundu ndendende. Msewu amaumanga wokwera pakati kuti madzi azitsetsereka, nde lamkati limaponda pokwererapo kuposa lakunja n'kumasenza zambiri, ndipo ife poti timayenda kumanzere lole imapendekekera kumanzereko. Kuwonjezera apo lamkati lili pafupi ndi diramu ya buleki, mphepo siyilifika bwino. Lanu linaphulika lija ndi lamkati la kumanzere eti? Sindikudabwa nazo.

Chochita chake ndi ichi. Pitani nayo pa sikelo itanyamula katundu amene mumanyamula masiku onse, kumene mumagulitsa chimanga ku Kanengoko masikelo a malole alipo, mukangolankhula bwino ndi wa pa sikelo. Kwezani matayala akutsogolo okha mulembe nambala, kenako akumbuyo okha mulembe. Ya kutsogolo gawani pawiri, ya kumbuyo gawani panayi, mwapeza kulemera kwa pa tayala limodzi. Kenako muone kuti ndi gawo lanji la 1,500 kapena la 1,320, gawo lomwelo mulitenge pa 770. Mwachitsanzo tayala lakutsogolo likusenza 1,000 pa 1,500, ndi magawo awiri mwa atatu, nde magawo awiri mwa atatu a 770 ndi cha m'ma 515 kPa. Masamu amenewa amatulutsa mpweya wochulukirako pang'ono kuposa wa pa matebulo amene makampani ngati Michelin ndi Bridgestone amaika pa intaneti, koma kuchulukirako pang'ono ndi mbali yabwino yophonyera, kumene kumaphulitsa ndi kuperewera.

Za mayunitsi zisakusokonezeni, 100 kPa ndi bar imodzi, ndipo bar imodzi ndi 14.5 psi. Masitika a ku Japan amalemba kPa kapena kgf/cm2, kgf/cm2 imeneyo ingotengani ngati bar, kusiyana kwake n'kochepa. Komanso olo sitika yanu ikanakhala ikuwerengeka, imanena za saizi ya tayala imene galimoto inatuluka nayo ku fakitale. Ma Canter ndi ma Elf ambiri atsopanoko amabwera ndi 205/85R16 117/115L opanda chubu, amenewo amathera pa 600 kPa, wina atamva za 770 n'kukaika mmenemo ndiye wapitirira malire.

Nkhani ya dalaivala wanuyo, akudandaula zoona koma akufuna kuchepetsa mbali yolakwika. Canter injini ili pansi pa mpando, pamwamba penipeni pa ekiselo yakutsogolo, kuphatikiza kebini ndi anthu okhalamo, nde kutsogolo kumakhala kolemera nthawi zonse kaya pali katundu kaya palibe. Kumene kumasintha kwambiri ndi kumbuyo. Kudumpha akunenako kukuchokera kumbuyo, masipuling'i olimba ndi matayala anayi olimba palibe chowapanikiza. Akatsitsa kutsogolo kufika 65 sitiyaling'i ilemera, lole izizengereza pokhota, ndipo tayala lakutsogolo likaphulika pa liwiro si nkhani yoti "mwamwayi sinagwe" ayi.

Kudyeka kwa m'mphepete mbali zonse ziwiri mwanenako kukutanthauza kuti mpweya ukuchepa pa katundu amene mukuika. Likamadyeka pakati ndiye wachuluka. Likamadyeka mbali imodzi yokha si mpweya, kaonetseni alainimenti ndi ma kingpin (mapini amene mawilo akutsogolo amakhotera).

Dalaivala_wa_pa_Tete

Madala a ku Biwi afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za pamsewu poti ndimayendetsa zikuluzikuluzi njira ya Mwanza, Tete mpaka Beira, matayala ndi osiyana saizi koma khalidwe lake ndi limodzi.

Nambala iliyonse imene mugwirizane panoyi ndi ya tayala lozizira, kutanthauza m'mawa lole isanayende kapena itaima maola atatu, osati mwayenda kuchoka ku Madisi mwafika pa filing'i siteshoni ku Lumbadzi n'kumati tiyeze. Tayala likamayenda ndi katundu limatentha, mpweya umakwera, mutha kupeza mmene munaika 90 m'mawa masana mukuonetsa 100 kapena kupitirirapo, zimenezo si vuto, opanga anawerengera kale. Vuto limabwera ndi anyamata ena akaona choncho amatenga kamtengo ka machesi n'kuyamba kuphwetsa ati lisaphulike. Aise ukatero walipha wekha, chifukwa mpweya ukachepa m'mbali mwa tayala mumapindika kwambiri nthawi iliyonse likazungulira, kupindikako ndi kumene kumabweretsa kutentha, nde litenthanso kuposa poyamba, iwe uphwetsenso, mapeto ake mawaya amalekana ndi labala. Ku Tete mwezi wa October kumatentha kupitirira madigiri 40, phula limachita kunyezimira, koma sitiphwetsa, timachepetsa liwiro kapena kuima pamthunzi. Ndipo osathira madzi pa tayala kapena pa diramu yotentha.

Potsika mapiri ndi pamene pamaonekera zambiri. Amene amatsika phiri la ku Chikwawa kulowera pa Thabwa, kapena Khwekhwelere kutsikira ku Golomoti, kapena Chiweta uko, akudziwa. Ukamatsika utaponda buleki njira yonse diramu imapsa, moto umenewo umalowa mu rimu n'kufika pa chubu ndi mkombero wa tayala lamkati. Canter ili ndi ekizozi buleki, igwiritseni ntchito ndi giya yotsika.

China chimene sichinatchulidwe, kodi lamkati lija munaliyeza liti lisanaphulike? Ndafunsa dala chifukwa ambiri sitiliyeza, valavu yake imabisala kuseri nde mnyamata wopopa amangoyeza akunja anayi n'kunena kuti zonse zili bho. Lamkati likamaphwa pang'onopang'ono simungaone ndi maso chifukwa lakunja likulinyamulira, lole imaoneka yowongoka. Kenako limodzi mwa awiriwo limatha, kaya lakunja chifukwa chosenza katundu wa awiri, kaya lamkati chifukwa choyenda lofewa. Gulani geji ija ya mutu wa mbali ziwiri yofika 150 psi kapena 160, ndipo pomanga mawilo muziwauza kuti mabowo a marimu awiriwo ayang'anizane kuti dzanja lizifika pa valavu yamkati. Zomenya ndi sipanala ya mawilo zija timachita tonse tikaima, zimathandiza kudziwa ngati lina laphweratu, koma khutu silingasiyanitse 70 ndi 90, amene amati amasiyanitsa akunama.

Awiri ophatikizanawo azikhala ndi mpweya wofanana, asasiyane kupitirira 5 psi, komanso akhale ofanana msinkhu. Mukaphatikiza latsopano ndi lakutha, lalitalilo limasenza katundu wambiri pamene lalifupilo likungokhwekhwerezeka pansi, onse awiri amatha msanga. Ndipo mukatuluka mu msewu wafumbi muja musanalowe pa phula, imani muone pakati pa awiriwo ngati sipanakanirire mwala, komanso ngati mimba zawo sizikukhudzana m'munsimu lole italemedwa. Zikakhudzana ndiye kuti mpweya wachepa kapena katundu wachuluka, kapena zonse.

Mayi_a_Geni_Kasungu

Bambo a ku Mponela ine ndili ndi Dyna ndi Canter, ndimachita geni yofanana ndi yanuyo, nde ndiyankhe mbali ya funso lanu yoti kodi muzichepetsa ikakhala yopanda katundu. Pa pepala n'zoona kuti kumbuyo kukakhala kulibe kanthu mpweya utha kutsika kwambiri, koma taganizani mmene tsiku limayendera. Lole imanyamuka m'mawa ilibe kanthu, ikukapakira kumudzi, kumudziko kompuresa muyipeza kuti? Mukanyamuka ndi mpweya wa lole yopanda katundu ndiye kuti makilomita onse a fumbi aja muyenda mutalemedwa pa matayala ofewa, pofika pa tauni poti mupope awonongeka kale komanso atentha nde muyeza zabodza. Canter yathuyi ilibe thanki ya mpweya ngati Fuso Fighter yoti ungalumikize paipi n'kupopa wekha, mabuleki ake ndi a mafuta. Timakompuresa tating'ono ta m'mashopu tija tambiri ndi ta 12V pamene Canter ndi 24V, ndipo kuti kafikitse tayala limodzi pa 90 mudikira mpaka dzuwa kulowa, kamayamba n'kununkha kupsa.

Pobwera kuchokera ku Kanengo mwina mungaphwetseko, koma matayala amakhala akadali otentha, ndipo mawa lake wina ayenera kukumbukira kupopanso onse anayi. Ndani? Dalaivala yemweyo amene akufuna zofewa? Tsiku limodzi adzaiwala kapena adzachita ulesi, tsiku lomwelo ndi limene mudzapeze hayala ya simenti. Ine anga ndinawauza kuti mpweya ndi wa katundu, ukhale momwemo sabata yonse, Lolemba lililonse m'mawa timayeza ndi geji yanga ine ndili pompo, geji imakhala m'chikwama changa osati mu lole. Akadandaula kudumpha ndimawauza kuti pa fumbi aziyenda 30 osati 60, ndipo mpando ndinaukonzetsa siponji. Zoona matayala akumbuyo amadyekako pakati chifukwa cha maulendo opanda katunduwo, koma tayala lodyeka pakati limandipatsa nthawi yosunga ndalama, lophulika limapita ndi chubu, fulapu (labala lokhala pakati pa chubu ndi rimu), pena madigadi, kuphatikiza tsiku lonse lole ili pambali pa msewu ndi chimanga cha eni ake mvula ikubwera.

Ndimachepetsa pokhapokha ngati ndikudziwa kuti lole ikhala masabata ikunyamula zopepuka, ngati nthawi ya maukwati kunyamula mipando ndi matenti.

Za matumba 80 sindikuweruzani, dizilo mmene wakwereramu tonse timayesedwa, ulendo wa matumba 60 phindu lake ukaliwerengera umafuna kulira. Koma muziwerengera ndi matayala omwe, masipuling'i othyoka ndi ma bearing akumbuyo, komanso mukapita njira ya ku Balaka kuli sikelo ya boma.

Womata_Matayala_25

Mwatinena kwambiri ife omata kkkk ndiyankheko. 80 timaika chifukwa eni malole ambiri akabwera samanena kuti anyamula chani, amangoti popa. Komanso makompuresa ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewuwa ambiri amathera pa 8 bar, thanki ikatsika pang'ono tayala silingadutse 90 olo mudikire bwanji, nde ngati mukufuna 100 kupita m'mwamba pitani pamene amapopa malole akuluakulu. Geji zathunso zimagwa pansi kangapo pa tsiku, sindingalumbire kuti zikunena zoona, bwerani ndi yanu sitikwiya.

Koma chimene ndalembera ndi ichi. Mwati matayala anu ndi a chubu, kutanthauza kuti marimu ake ndi a ring'i aja, ring'i yachitsulo yotsekera tayala pa rimu. Ring'i imeneyo ikapanda kukhala bwino mu mpata wake, kapena ikakhala yopindika, ya dzimbiri, kapena yochokera pa rimu ya mtundu wina, pa 90 psi imafwamphuka ndi mphamvu yoti munthu amene waweramira pamenepo sadzuka. Pamalo oyenera amapopera mu khola lazitsulo. Ngati khola palibe, tayala ligone ring'i ili pansi kapena mumange tcheni modutsa m'mabowo a rimu, muike mpweya pang'ono kaye muone ngati ring'i yakhala mozungulira monse, paipi ikhale yodzigwira yokha pa valavu inu muime patali cha kumbali. Osamenya ring'i ndi hamala tayala lili ndi mpweya. Ana ndi anthu ongoonerera achoke.

Tayala limene layenda ndi katundu lili lofewa kwambiri, tinene kuti munaika 90 mwalipeza pa 70 kapena kutsika, musangoti onjezera. Lichotsedwe, liphwetsedwe, tilitsegule tione mkati. Mawaya a m'mbali amakhala atathyokathyoka osaoneka kunja, mukamapopa limang'ambika m'mbali ulendo umodzi. Mukamva kuthetheka popopa thawani. Ndipo lakunja limene linali pambali pa lophulika lija musaliike kutsogolo, linasenza lokha katundu wa awiri mpaka pamene munaima.

Pogula atsopano gulaninso machubu ndi mafulapu atsopano, chubu chakale chimakhala chitatanuka nde mu tayala latsopano chimapindika n'kudzibowola chokha. Ngati mukugula a kaunjika onani manambala anayi aja ali mu kabokosi m'mbali, mwachitsanzo 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Thiredi itha kukhala yambiri koma labala litakalamba lili ndi ming'alu, lotero pa 100 psi ine sindiimapo pafupi. Tizivindikiro ta valavu musamatitaye, fumbi la kwanuko likalowa pa kapini kaja mpweya umatuluka pang'onopang'ono.

Wa_ku_Mponela

Zikomo nonse, ndabwera ndi manambala. Dzulo tinapita ndi matumba 80 a soya, wa pa sikelo anavomera titamugulira fanta. Yolemedwa, kutsogolo 2,150 kumbuyo 4,950. Titatsitsa tinayezanso, kutsogolo 1,750 kumbuyo 1,350, dalaivala ali mkati maulendo onse awiri. Pa tayala palembedwadi 122/118L ndi 770 kPa ngati mmene ananenera madala a ku Biwi.

Geji ndagula ya mutu wa mbali ziwiri ija, lero m'mawa ndayeza lole isanadzuke. Kutsogolo 78 ndi 81, kumbuyo akunja 80 ndi 79, lamkati la kumanja 62. Dalaivala akuti iyeyo amalimenya tsiku lililonse limamveka bwinobwino. Lamkati la kumanzere ndi sipeya imene tinaikapo ija, ili pa 84 koma ndi yayitali kuposa inzake chifukwa sinayendepo kwenikweni. Nde masamu aja akutuluka bwanji pamenepa?

Makaniko_wa_ku_Biwi

Eya, apa ndiye tikukamba zenizeni. Taonani kaye chinthu chimodzi, mwaika matani anayi koma kutsogolo kwangowonjezekera makilogalamu 400, pamene kumbuyo kwalandira 3,600. Nchifukwa chake mpweya wa kutsogolo sufunika kuusinthasintha, nkhondo yonse ili kumbuyo.

Kutsogolo, 2,150 kugawa pawiri ndi 1,075 pa tayala, pa 1,500 ndi 72 peresenti, pa 770 ikutuluka cha m'ma 550 kPa, ndiyo 80 psi. Nde anyamata anu aja kutsogolo anakhoza. Ine ndingaike 82 kapena 85 kuti pakhale kotsala, chifukwa ukaponda buleki kulemera kumathamangira kutsogolo komanso mbali ziwirizo sizilemera ndendende. Olo ilibe katundu tayala lakutsogolo likusenzabe 875, masamu ake ndi 450 kPa, 65 psi ndendende, kutanthauza kuti 65 ya dalaivala wanuyo ikungokwana lole yopanda olo thumba limodzi.

Kumbuyo, 4,950 kugawa panayi ndi pafupifupi 1,240 pa tayala, malire ndi 1,320, muli pa 94 peresenti. Mpweya wake ndi 720 kPa, cha m'ma 105 psi. Inu mumayenda pa 80, lina pa 62. Apa mkulu wa malole awiri uja sanaphonye kwambiri ayi, pa katundu amene mukuikayo 770 yake ija ili pafupi. Koma musasangalale kuti ndingopopa 105 nkhani yatha. Matayala anayi pamodzi amathera pa 5,280, mwatsala ndi makilogalamu 330 okha, matumba akangopendekera mbali imodzi kapena kusunthira kumbuyo mbali imeneyo yadutsa kale malire, ndipo pa mabampu katundu amamenya kuposa kulemera kwake. Kuonjezera apo tayala kulola sikutanthauza kuti ekiselo, marimu, mastadi ndi mabuleki zalola, lole yonse ikulemera 7,100 pamene inapangidwira katundu wa matani atatu. Marimu akale a ring'i a dzimbiri ine sindingawaike 105 ndisanawaone.

Mutanyamula matumba 60, kumbuyo kungakhale cha m'ma 4,050, pa tayala 1,010 ndi kanthu, 77 peresenti, mpweya wake 590 kPa, tingoti 6 bar kapena 87 psi, muike 90 mugone tulo. Nde zili kwa inu, matumba 60 ndi 82 kutsogolo 90 kumbuyo, matumba 80 ndi 85 kutsogolo 105 kumbuyo ndi mtima uli m'mwamba. Popakira muziyambira ku kebini n'kumayala mofanana, osaunjika kumapeto kwa bodi kuseri kwa mawilo, kumeneko kumanyamula kutsogolo n'kukanikiza kumbuyo kuposa kulemera kwa katunduyo.

La 62 lija lichotseni lero lomwe likatsegulidwe monga wanenera womata matayala wa ku 25 uja, lisapite ulendo wina. Sipeya yayitaliyo musayiphatikize ndi lakutha, kusiyana kwa msinkhu kusapitirire mamilimita 6. Mukagula awiri atsopano aikeni kutsogolo, amene ali kutsogolowo ngati ali bwino apite kumbuyo mbali imodzi onse awiri.

Wa_ku_Joni

Kuno ku Joni m'magalaja a matayala amakonda kutsatsa nitrogen ati mpweya sukwera tayala likatentha, kumudziko ilipo? Mwina ingathandize achimwenewa

Dalaivala_wa_pa_Tete

Mpweya tikupumawu 78 peresenti yake ndi nitrogen kale aise, ndipo nayonso ikatentha imakwera. Ubwino wake ndi woti ndi youma ilibe chinyezi, koma pa Canter ya machubu yopopedwa pa Mponela ndalama imeneyo bola agule fulapu. Chofunika angowauza anyamata a kompuresa azikhetsa madzi mu thanki yawo.

Kanengo_Boy

Nde mwazungulira tsamba lonse kudzafika pa 80 ndi 90 yanga ija kkkkk

Mayi_a_Geni_Kasungu

Yanuyo ndi ya matumba 60 achimwene, iwowa akunyamula 80. Bambo a ku Mponela mukatsegula la 62 lija mutiuze mwapezamo chani, ine ndikukayikira valavu ya chubu, pa Dyna yanga inkadulidwa ndi m'mphepete mwa bowo la rimu mpaka tinachita kupala ndi fayilo.